Safunsa anadya phula: lipoti la msewu wina wa mashopu ku Johannesburg

Msewu umene ndikukambawu sindiutchula dzina, ndipo anthu ake sindiwatchulanso. Uli chakumadzulo kwa tawuni ya Johannesburg, mbali ya ku Fordsburg ndi Mayfair kumene aMalawi tinadzazako. Ndi waufupi, sukwana n'kilomita yomwe, koma unandidyera zaka ziwiri zathunthu. Ndinali injiniya woyang'anira ntchito pamalopo, wolembedwa ndi kampani ina yaing'ono ya alangizi. Ndalemba lipotili poganizira anzanga amene akuyamba kumene ntchito za misewu ya khonsolo kuno ku Joni, komanso a kumudzi, poti Limbe ndi Malangalanga matenda ake ndi omwewa.

Mbali zonse ziwiri za msewuwo ndi mashopu: a nsalu, a zitsulo, oodetsa katundu, butchala imodzi ndi malo odyera angapo. M'makhonde mumakhala matelala ndi amayi ogulitsa mpiru, usipa ndi ufa. Lachinayi ndi Lachisanu matransipota amaimika malole ndi ngolo zawo pomwepo n'kumapakira katundu wopita kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Amene anaonapo ngolo imeneyi itamangidwa mafiriji, matilesi ndi njinga mpaka kupitirira denga la galimoto akudziwa zimene ndikunena.

Chizindikiro choyamba chinali maenje obwererabwerera. Akatsekedwa lero, pakangotha milungu ingapo phula lija lanyenyeka ngati chigumu chogonetsa. Eni mashopu anadandaula kwa khansala, khansala anakankhira nkhaniyo kutsogolo, ndipo ife tinapemphedwa kuti tikaone msewuwo n'kunena ndalama zimene zingafunike.

Kulakwa koyamba kunali kwathu

Tinapita Lamlungu m'mawa, dala, kuti tikayende momasuka popanda magalimoto. Tinaona ming'alu yonga khungu la ng'ona, tinajambula zithunzi, tinayeza m'litali ndi m'lifupi. Pofika masana tinali titagamula kale kuti phula lakalamba basi. Mankhwala ake n'kupala la pamwamba, kuika latsopano la mamilimita 40, ndi kukumba pang'ono malo oipitsitsa. Chiwerengero cha ndalama chimene tinalemba tsiku limenelo ndi chimene chinakalowa m'bajeti.

Apa ndiyenera kufotokoza mmene ndalama za khonsolo zimayendera kuno, chifukwa amene sadziwa zimenezi sangamvetse kuopsa kwa zomwe tinachitazo. Chaka cha zachuma cha makhonsolo a ku South Africa chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni. Lamulo la 2003 loyendetsera chuma cha makhonsolo, limene aliyense amangoti MFMA, limati bajeti iperekedwe kukhonsolo kutatsala masiku osachepera 90 kuti chaka chiyambe, ndiye kuti kumapeto kwa Malichi, ndipo imaonetsa zaka zitatu zakutsogolo. Ntchito ya chitukuko imayenera kuchokera mu IDP, dongosolo la zaka zisanu limene limaunikidwanso chaka ndi chaka. Ndalamazo zili m'matumba awiri: lokonzetsera zinthu tsiku ndi tsiku, momwe mumachokera zotsekera maenje, ndi la chitukuko, lomangira zatsopano kapena kumanganso zomwe zatheratu. Thumba lachiwirili limadzazidwa ndi ndalama za khonsolo yeniyeniyo, ngongole, ndi thandizo lochokera kuboma lalikulu monga USDG, limene mizinda ikuluikulu imalandira. Thandizo lotereli likatsala pa 30 Juni limabwerera kuthumba la boma, pokhapokha a National Treasury, nthambi ya boma yoyang'anira chuma cha dziko, atavomereza kuti lidutsire chaka chinacho.

Ndiye nambala ikangolowa m'buku la bajeti imauma gwa. Khansala waiuza kale anthu ake, akuluakulu aiika kale m'malonjezo awo a chaka. Kuisintha ndi nkhondo.

Chinanso n'chakuti msewu umodzi uli ndi eni ake ambiri. Kuyambira 2001, pambuyo pa dongosolo lokonzanso kayendetsedwe ka mzinda lotchedwa iGoli 2002, mzindawu unagawa ntchito zake kumakampani ake: misewu, milatho, ngalande za madzi a mvula ndi maloboti zili m'manja mwa Johannesburg Roads Agency, mapaipi a madzi ndi zimbudzi ndi a Johannesburg Water, magetsi ndi a City Power. Palinso mapaipi a Egoli Gas m'madera akale, ndi mawaya a intaneti a makampani osawerengeka. Aliyense ali ndi bajeti yake ndi kalendala yake, ndipo wofuna kukumba mumsewu amayenera kutenga chilolezo chotchedwa wayleave.

Zimene telala anandiuza

Mu Julayi, chaka chatsopano cha zachuma chitangoyamba, ndinabwererako Lachinayi kukawerenga magalimoto kuti timalizitse mapepala. Buluku langa linakodwa pawaya wa ngolo ina n'kung'ambika pabondo, ndiye ndinakhala pabenchi ya telala wina wachikulire wa pakhonde kuti andisokere. Foni italira ndinayankha m'Chichewa. Nditamaliza, bamboyo anaimitsa makina.

"Kodi ndinu a kumudzi, achimwene? Ndiye mwati mukufuna kuthira phula lina pamwamba pa dambo?"

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Iwo sanaseke. Anandilozera miyendo ya tebulo la makina awo, yomwe inali itakhazikidwa pa njerwa ziwiriziwiri. Anati anaika njerwazo kalekale chifukwa m'mawa uliwonse, 6 koloko isanakwane, pamphepete pa msewu pamatuluka madzi n'kumayenderera mpaka pakhonde, koma dzuwa likakwera amaphwa. Anali ochokera ku Mangochi, ndipo pakhondepo anali atakhalapo zaka zambiri kuposa zimene ine ndinali nditagwira ntchito ya uinjiniya.

"Madzi saiwala khwawa, achimwene. Bwerani mawa kusanache mudzaone nokha."

Mu Julayi ku Johannesburg mvula sigwa kwenikweni, udzu umakhala wouma mbee. Ndinafika m'bandakucha, ndikunjenjemera ndi chisanu, ndipo ndinapeza mphepete mwa msewu muli chinyontho mtunda wa mashopu anayi kapena asanu. Ndinatunga pang'ono m'botolo, titayeza tinapezamo klorini. Sanali madzi a kasupe ayi, anali a m'paipi. Chifukwa chotulukira usiku n'chodziwika kwa aliyense wa zamadzi: anthu akagona mipopi imakhala yotseka, mphamvu ya madzi m'mapaipi imakwera, ndiye pobooka paliponse pamatulutsa kwambiri. Ife tinabwera Lamlungu dzuwa litakwera kale, msewu uli wouma, makhonde ali zii, popanda woti n'kumufunsa.

Zitatero ndinapempha kuti tisatulutse tenda kufikira titakumba maenje oyezera. Tinakumba angapo mbali zonse ziwiri, tinakhomanso DCP, chitsulo chija chimene amachimenya ndi nyundo ya makilogalamu 8 kuti aone kulimba kwa dothi. Pafupi ndi khonde la telala uja chitsulocho chinkalowa ngati mpeni m'papaya. Miyala ya pansi pa phula inali itasanduka phala. Paipi ya madzi inali yakale ya asibesitosi, yodontha m'malumikiziro. Titalowetsa kamera m'paipi ya madzi a mvula tinapeza kuti pena inagwa, pena inatsekeka ndi mchenga, mapulasitiki ndi mafuta ophikira oundana. Choncho m'chilimwe msewuwo unkanyowa ndi paipi yodontha, m'dzinja ndi mvula yosowa kolowera.

Pamwamba pa phala limenelo ndi pomwe pankaima malole aja. Kuwononga kwa galimoto pamsewu sikukwera mofanana ndi kulemera kwake: ekiselo ikalemera kawiri, imawononga pafupifupi ka 16. Lamulo la kuno limalola makilogalamu 9,000 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, koma palibe amene amabwera ndi sikelo pamsewu wa mashopu. Onjezani dizilo wodontha, amene amafewetsa phula, ndi matayala okhota galimoto itaima.

Kubweza mawu

Kumanganso msewuwo kuchokera pansi kunkafuna ndalama zochuluka kangapo kuposa zimene zinali m'bajeti. Bwana wanga atawerenga zotsatirazo anakhala chete kanthawi, kenako anati tilembe kalata yovomera kuti chiwerengero choyamba chinali cholakwika ndipo olakwa ndife. Ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha kalata imeneyo. Njira yosavuta inalipo: kuthira phula monga tinalonjezera, ndalama n'kutha nthawi yake, aliyense n'kuombera m'manja, chikomekome cha nkuyu. Msewuwo ukanapirira dzinja limodzi, mwina awiri, ndipo pofika nthawiyo palibe akanakumbukira amene anasaina.

Kubweza ndalama zonse n'kudikira chaka china tinakukananso, chifukwa ntchito ikachoka pamndandanda kubwereranso kwake n'kovuta, mizere ya madera ofuna misewu ndi yaitali. Tinasankha kugawa ntchitoyo pawiri. Ndalama zimene zinalipo zipite ku kafukufuku, mapulani ndi ngalande za madzi a mvula. Msewu weniweniwo upemphedwe m'bajeti ya chaka chotsatira. Khomo lochitira zimenezi limatseguka kamodzi: lipoti la pakati pa chaka limaperekedwa pofika pa 25 Januwale, ndipo bajeti yosinthidwa imadutsa Febuluwale asanathe. Tinagwira ntchito usiku kuti mapepala athu, zithunzi za m'kamera ndi zotsatira za DCP zikhale patebulo Disembala asanafike. Chithunzi cha paipi yakugwa chinagwira ntchito kuposa masamba onse a masamu.

Za paipi ya madzi sitikanatha kuzilipira ife, poti si yathu. Tinakambirana ndi eni ake mpaka tinagwirizana polemba kuti asinthe chigawo chimenecho ife tisanayambe kuyala miyala. Anzanga, pangano lotere lizikhala papepala, lokhala ndi mwezi wake. Ndondomeko yake ndi yakuti chakuya chiyambe: mapaipi a zimbudzi, ngalande, mapaipi a madzi, mawaya, msewu pamapeto.

Tinayesanso kupempha eni nyumba kuti asonkhe. Kale madera ena a zamalonda ankatolera ndalama mokakamiza kudzera m'mabungwe otukula dera, koma mu 2015 khoti lalikulu la apilo, pamlandu wa ku Randburg, linapeza kuti ndalama zotoleredwa mwanjira imeneyo sizinali zovomerezeka. Ndiye chinatsala n'kupempha basi. Ena anavomera kulipira mlonda wa usiku ndi migolo ya zinyalala, ena ankangotuma wotolera lendi kudzamvera. Zimene analonjeza zinabwera mwa apo ndi apo. Mwayi wake sitinamangirire gawo lililonse la ntchitoyo pa ndalama zimenezo.

Anthu a m'makhonde

Msonkhano woyamba tinauchitira muholo. Kunabwera eni mashopu ndi mavenda ochepa okhala ndi ziphaso. A m'makhonde sanabwere n'mmodzi yemwe. Nditawafunsa madala aja, atelala, anandiyang'ana ngati mwana.

"Pakhomo pali kaundula wolemba dzina ndi nambala ya chitupa. Inu mukanakhala ife mukanalowa?"

Kuwathamangitsa sikunali m'maganizo mwathu, ndipo lamulo silikanatilola kuchita mwachisawawa. Amene analipo mu 2013 akukumbukira Operation Clean Sweep, pamene mavenda zikwizikwi anachotsedwa m'misewu ya m'tawuni, mpaka khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula mu Disembala chaka chomwecho kuti ogulitsa ovomerezeka abwerere m'malo awo. Komabe pulani imafuna kudziwa kuti pali anthu angati ndipo amakhala pati. Ndiye tinasiya kuwerenga anthu, tinayamba kuwerenga malo. Tebulo lililonse tinalipatsa nambala ya penti pakhoma, n'kujambula tebulolo osati nkhope ya mwini wake. Pepala lokhala ndi nambala yomweyo ankasunga yekha. Ndinayenda khonde ndi khonde ndikufotokoza m'Chichewa, mnzanga wina m'Chizulu, ndipo mnyamata wina wa m'shopu ya nsalu ankatithandiza kwa amene sitinkamvana nawo.

Mukuyenda kumeneko ndi mmene tinaphunzira kalendala ya msewuwo. Kuyambira pakati pa Novembala mpaka Khirisimasi ndi nthawi imene mashopu amapeza ndalama za chaka chonse, anthu akuoda katundu wopita naye kwawo. Milungu yoyandikira Eid matelala sagona. Lachisanu masana anthu amapita kumzikiti, njira isatsekedwe. Zonsezi tinazilemba m'mapepala a tenda monga malamulo a ntchito, pamodzi ndi lakuti akumbe theka la msewu, chigawo chimodzi pa nthawi, ndiponso kuti khomo la shopu iliyonse likhale ndi kamlatho ka matabwa kotha kudutsa wilibala. Zikalembedwa mu tenda kontirakita amaziikira mtengo. Zikanenedwa pakamwa ntchito itayamba, amabwera ndi kalata yofuna ndalama zoonjezera, ndipo amakhala kuti sakulakwa.

Gawo loyamba

Ngalande zinayamba kumapeto kwa dzinja ndi kontirakita amene anali kale pamndandanda wa makontirakita a omwe anatilemba ntchito. Zinayenda bwino mpaka Juni. Pamene 30 Juni inkayandikira tonse tinagwidwa ndi liwiro lofuna kuti ndalama zithe nthawi yake. Lamulo lathu linali lakuti tisanalowetse TLB, thirakitala ija yokumba ndi kunyamula dothi, anyamata akumbe ndi manja timizere todutsa msewu kuti tione mawaya. Pachigawo chomaliza ndinalola kuti adumphe zimenezi, poti mapu sankaonetsa kanthu. TLB inadula waya wa magetsi umene sunali pamapu aliwonse. Woyendetsa anapulumuka, koma mashopu a chigawo chimenecho anakhala mumdima masiku awiri, nyama ya m'butchala n'kuwonongeka. Inshuwalansi ya kontirakita inalipira patapita miyezi. Masiku amene ndinkafuna kupulumutsa anatayika kuwirikiza, ndipo mwini butchala sanandipatsenso moni.

Gawo lachiwiri

Tenda ya msewu inadutsa njira yake yonse: masiku 30 olengeza chifukwa inali yoposa R10 miliyoni, makomiti atatu oona za tendayo, ndi kuona kuti opikisana ali ndi giredi yoyenera ya CIDB, bungwe la boma lolembetsa makontirakita. Kontirakita anafika pamalo mu Okutobala, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana masana. Iye ankafuna kutsegula msewu wonse. Tinakana, tinamulola chigawo chimodzi chokha choti atseke pofika pakati pa Novembala, zinazo ayambe mu Januwale makampani a zomangamanga akabwera kutchuthi. Anakwiya, koma zinali m'mapepala amene anasaina.

Sabata yachiwiri kunabwera amuna angapo pagalimoto ziwiri, akuti ndi bungwe la amalonda a m'deralo, ndipo ntchito iime mpaka atapatsidwa 30 peresenti. Nambala imeneyi ili ndi kwawo: malamulo ogulira zinthu za boma a 2017 ankati pa kontirakiti yoposa R30 miliyoni, ngati n'kotheka, 30 peresenti ya ntchito ipatsidwe kwa makampani aang'ono. Yathu sinkafika pamenepo, ndipo ngakhale ikanafika, lamulolo linkanena za ntchito, osati ndalama za m'manja. Koma munthu amene waimika galimoto kutsogolo kwa TLB simungamuwerengere ndime. Kontirakita anakatsegula mlandu kupolisi, ife tinakhala pansi ndi khansala ndi CLO, munthu wa m'dera amene amalembedwa kuti azilumikiza ntchito ndi anthu. Tinapatula ntchito ya miyala ya m'mphepete ndi yoyala njerwa za simenti, n'kuilengeza poyera kwa makampani aang'ono a m'wodiyo. Ena mwa amuna aja analembetsa, ena sanaonekenso. Tinataya pafupifupi milungu itatu. Ndikanayambiranso, magawo amenewa ndikanawapatula tenda isanatuluke.

Chimene chinandipweteka ndi china. Ntchito za manja zinkaperekedwa kudzera mu EPWP, ndondomeko ya boma yopatsa anthu ntchito zakanthawi imene inayamba mu 2004, ndipo mayina ankachokera m'kaundula wa wodi. Madala aja anabwera ndi mphwawo, mnyamata wamphamvu zake, kuti ndimuikeko.

"Bambo, pamenepa ndilibe mphamvu," ndinatero. "Ndikangomulowetsa, mawa ntchito yonse iima, ndipo woyamba kuloza chala adzakhala akuloza ife a ku Malawi tonse."

Anangoti "chabwino, achimwene" n'kubwerera pamakina.

Msewuwo tinaumanga monga misewu yambiri ya kuno imamangidwira: pansi dothi losakaniza ndi simenti, pamwamba pake miyala yophwanya ya G1 yotsenderedwa kwambiri, kenako phula lopyapyala. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale inatizunza. Gawo la simenti limafuna masiku asanu ndi awiri kuti likhwime, ndipo kawiri konse mvula ya masana inatipeza tisanatseke, tinachita kupalanso. Poimika malole sitinaikepo phula. Tinayala njerwa za simenti zolowana za mamilimita 80, chifukwa siziopa dizilo, ndipo paipi ikaphulika amazizula n'kuzibwezera. Tinakwiriranso mapaipi opanda kanthu odutsa msewu kuti a mawaya adzagwiritse ntchito osakumba. Zoonjezera zonsezi, pamodzi ndi dothi loipa limene tinapeza pachigawo chachitatu, zinatifikitsa pafupi ndi malire a 20 peresenti amene National Treasury inaika pa kukulitsa kontirakiti ya zomangamanga. Kupitirira apo nkhani imayenera kukafika kukhonsolo ndi kulengezedwa kwa anthu, zomwe zikanatidutsitsa 30 Juni wachiwiri. Tinachotsa mitengo ndi mabenchi zimene zinali pamapulani kuti tikhale mkati. Phula lomaliza linathiridwa mu Juni, tikudikira mpaka cha m'ma 10 koloko tsiku lililonse kuti pansi pafunde.

Zimene zinatsatira

M'miyezi 12 imene kontirakita amakhala akuyankhabe pa zolakwika, tinangokonza chivindikiro chimodzi chimene chinatitimira ndi miyala ingapo ya m'mphepete yothyoledwa ndi malole. Madzi a m'bandakucha aja anatha. Kampani ina ya intaneti inagwiritsa ntchito mapaipi athu opanda kanthu aja. Ina inabwera kumapeto kwa sabata n'kudula phula latsopanolo kuchokera uku mpaka uko, ndipo pamene inakwirira panatitimira dzinja loyamba lomwelo. Chipsera chimenecho ndi pokhapo pamene pali dzenje lero.

Kuyambira pa 19 Julayi 2023, pamene mpweya woyaka unaphulika pansi pa msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri timautchulabe Bree, n'kuung'amba pakati, ndaona kuti ndikapempha ndalama zofufuzira za pansi pa msewu anthu samandiyang'ananso ngati wowononga. Ine ndinasintha zinthu ziwiri. Sindiperekanso chiwerengero cha bajeti ndisanakumbe dzenje ngakhale limodzi, ndipo msewu wa mashopu ndimauyendera katatu: tsiku la malonda, m'bandakucha, ndi mvula ikugwa.

Mashopu awiri anatseka ntchito ili mkati ndipo sanatsegulenso. A m'makhonde ambiri anabwerera pa nambala zawo. Koma msewu utakongola eni nyumba anakweza lendi, ya makhonde yomwe. Nditadutsako miyezi ingapo pambuyo pake ndinapeza khonde la madala aja latsekedwa ndi magalasi, muli shopu ya mafoni. Mayi wogulitsa usipa pafupi pake anandiuza kuti anasamukira m'kachipinda kena kuseri ku Mayfair, ndipo makasitomala awo akale amawalondola komweko. Nambala yathu ya penti ikuonekabe pakhoma, pambali pa chitseko chatsopanocho.